Bwanji osangowotcha kamodzi n'kuthana nazo?

Pa Chichewa tilibe mawu abwino otchulira radiotherapy. Timangoti "kuwotcha". Wodwala khansa akatumizidwa kumakina timati wapita kokawotchedwa, ndipo mawu okhawa ndi okwanira kuti achibale ayambe kunong'onezana za maliro mwiniwake akadali moyo. Chonsecho mawuwa ndi abodza. Makina aja sawotcha kanthu. Cheza chimene chingaphe theka la anthu, chitawomba thupi lonse nthawi imodzi ndipo anthuwo osathandizidwa, ndi cha magray 4 kapena kuposerapo pang'ono. Gray imodzi ndi joule imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Ndiye kuti munthu wolemera makilogalamu 70 walandira majoule 280, mphamvu yomwe babu la mawati 60 limatha masekondi asanu asanakwane. Thupi lake silitentha n'komwe. Kapu ya tiyi wa m'mawa imalifunditsa kuposa pamenepo. Nanga chimamupha n'chiyani?

Ine si wa sayansi. Ndimaphunzira zolembalemba ndi filosofi, ndipo masamu ndinasiyana nawo pa mayeso a Fomu 4 osatsanzikana n'komwe. Koma zaka ziwiri zapitazo khansa ya khomo la chiberekero inalowa m'banja mwathu, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno: mwana amene wafika ku yunivesite amasanduka dokotala, loya komanso wokonza mafoni nthawi imodzi. Mafunso onse ankabwera kwa ine. Ndinatha miyezi ndikusowetsa mtendere mnzanga wa fizikisi yemwe tinkagona chipinda chimodzi, ndikuwerenga mabuku omwe olemba ake sankaganizako za munthu ngati ine. Chimene ndinapeza n'chakuti kuseri kwa makina aja kuli kasamu kakafupi, kosadzaza ngakhale mzere umodzi wa m'kope, ndipo kasamu kameneka ndi kamene kamathandiza kugamula kuti mayi asiyane ndi ana ake masabata angati.

M'selo lililonse muli DNA, yomwe ili ngati tizingwe tiwiri topotana. Cheza chikamadutsa m'thupi chimathothola maelekitironi pa maatomu amene chakumana nawo. Gawo lalikulu la selo ndi madzi, choncho kawirikawiri chimene chimasweka ndi madziwo, ndipo tizidutswa take timakhala taukali zedi, timaluma chilichonse chomwe chili pafupi. Pa ma X-ray, magawo awiri mwa atatu a chiwonongeko amabwera kudzera m'madzi momwemu. Gray imodzi imadula kachingwe kamodzi m'malo pafupifupi 1,000 m'selo limodzi, koma selo silitekeseka, chifukwa kachingwe kenako kakadalipo ndipo limangokopera pomwepo pokonza. Choopsa ndi pamene tonse tiwiri taduka malo amodzi. Izi zimachitika ka 20 mpaka ka 40 pa gray iliyonse. Zambiri selo limalumikizabe bwinobwino, koma nthawi zina limasokoneza, n'kulumikiza mutu wa ichi kumchira wa icho. Selo lotero silifa tsiku lomwelo. Limadya, limapuma, limagwira ntchito, mpaka tsiku lofuna kugawikana pawiri. Pamenepo ndi pomwe zimakanika. N'chifukwa chake ziwalo zimene maselo ake amagawikana mofulumira, monga khungu, m'matumbo ndi mafuta a m'mafupa, ndizo zimayamba kudandaula. Madokotala awiri a ku France, Jean Bergonié ndi Louis Tribondeau, anaziona zimenezi mu 1906, patangopita zaka 11 kuchokera pamene Wilhelm Röntgen anatulukira ma X-ray.

Masamu amalowerapo chifukwa cheza sichisankha. Chili ngati matalala m'munda wa fodya: tsamba ili labowoka patatu, loyandikana nalo silinakhudzidwe, ndipo palibe anganeneretu kuti lipulumuke ndi liti. Chomwe mungawerengere ndi chakuti matalala akachuluka chonchi, masamba angati pa 100 atsale abwino. Maganizo amenewa anawalongosola bwino Douglas Lea wa ku Cambridge m'buku lake la mu 1946. Koma Lea ankagwira ntchito ndi mabakiteriya, mavairasi ndi zomera. Selo la munthu kunali kusanapezeke njira yoliyesera.

Njirayo inabwera mu 1956 ku Denver, pamene Theodore Puck ndi Philip Marcus anafesa maselo a munthu m'timbale tagalasi, limodzilimodzi ngati mbewu pa nazale, n'kuwawomba ndi ma X-ray a milingo yosiyanasiyana. Kenako anadikira masiku angapo n'kuwerenga kuti ndi angati amene aswana mpaka kupanga kamulu kooneka ndi maso. Maselo amene anagwiritsa ntchito ndi a HeLa, ndipo apa ndi pomwe ine wa zolembalemba ndinaima kaye. HeLa ndi Henrietta Lacks, mayi wachikuda wa ana asanu yemwe anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore kumayambiriro kwa 1951 akutaya magazi. Anamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anamuika timachubu ta radium pakhomo la chiberekerolo, ndipo tsiku lomwelo anadula kachidutswa ka chotupa chake n'kukapereka ku labotale ya George Gey osamupempha. Iye anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho ali ndi zaka 31. Maselo ake sanafe, akuswanabe mpaka lero m'malabotale a dziko lonse, ndipo abale ake anadzadziwa za nkhaniyi patapita zaka zoposa 20. Choncho mzere woyamba wosonyeza mmene maselo a munthu amafera ndi cheza unajambulidwa pa chotupa chimene cheza chinalephera kugonjetsa, cha matenda omwewo amene, malinga ndi ziwerengero za nthambi ya WHO yoona za khansa, amagwira amayi oposa 4,000 m'Malawi chaka chilichonse n'kupha pafupifupi 3,000. Ndi mayiko ochepa kwambiri pa dziko lapansi amene amatiposa pa matendawa.

Pali chinanso m'kafukufuku ameneyu chimene chinandikhala pamtima masiku angapo, ndicho tanthauzo la imfa. Kwa akatswiriwa, selo lapulumuka ngati labereka kamulu ka maselo 50 kapena kuposerapo. Likalephera, lafa. Zilibe kanthu kuti likadali m'mbale, likudya, mwina lakula n'kukhala chimphona monga ankaonera Puck ndi Marcus. Losabereka amaliwerenga pamodzi ndi akufa. Ife amene tinakula tikumva mmene mawu oti "chumba" ndi "gojo" amatulukira m'kamwa mwa anthu pachitsime ndi pabawo, tanthauzo limeneli silitidutsa mwakachetechete. Ndinamufunsa mnzanga uja ngati sakuona nkhanza yake. Anandiyang'ana ngati ndamwa, n'kundiuza kuti pa khansa funso ndi limodzi basi: kodi selo ili lingayambitsenso chotupa? Ngati silingathe, likhale moyo mmene lifunira. Anali kulondola, ndipo pa chotupa tanthauzolo ndi labwino. Koma ndimaonabe kuti n'kofunika kukumbukira kuti munthu wina anachita kusankha nambala 50 ija, ndiponso kuti selo la mumtsempha wa ubongo, lomwe siligawikana chibadwire, silingayesedwe ndi muyeso umenewu. Modelo iliyonse imayamba ndi kusankha chimene iziwerenga ndi chimene izisiya panja.

Mzere wa Puck ndi Marcus sunali wowongoka. Pa mlingo wochepa unkatsika pang'onopang'ono, kenako n'kupindika n'kuyamba kutsetsereka. Kupindika kumeneku akatswiri amakutcha phewa, ndipo samu imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito lero pofotokoza phewali ndi linear-quadratic model. Mizu yake ili m'ntchito ya Lea ndi D. G. Catcheside ya mu 1942, ndipo inakhwima m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Imalembedwa chonchi:

S = e^−(αD + βD²)

Musathawe. S ndi gawo la maselo otsala. D ndi mlingo wa cheza. Nkhani yonse ili pa tizilembo tiwirito. Kuti selo lilumikize molakwika pamafunika mabala awiri oyandikana. Nthawi zina kanjira kamodzi ka cheza kamapanga mabala onse awiri paulendo umodzi. Imeneyo ndiyo α, ndipo mukawirikiza mlingo, chiwonongeko chimawirikizanso chimodzimodzi. Nthawi zina bala loyamba lapangidwa ndi kanjira aka, lachiwiri ndi kanjira kena. Imeneyo ndiyo β. Popeza pakufunika ngozi ziwiri zosiyana kuti zikumane, mukawirikiza mlingo kawiri chiwonongeko chimachuluka kanayi, mukawirikiza katatu chimachuluka ka 9. Ndipo β ili ndi chofooka chake: bala loyamba likapola lachiwiri lisanafike, palibe chimene chachitika. Mortimer Elkind ndi Harriet Sutton anasonyeza zimenezi mu 1959. Anagawa mlingo pawiri n'kupumitsa maselo maola ochepa pakati, ndipo opulumuka anachuluka kuposa pamene mlingo womwewo unaperekedwa kamodzi.

Mayi aang'ono anawatumiza kuchipatala china cha m'dziko loyandikana nalo, chifukwa nthawi imeneyo makina anali asanayambe kugwira ntchito kuno. Anawalembera masiku 25, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata asanu, ndi mankhwala a m'drip kamodzi pa sabata, kenako chithandizo china choika gwero la cheza mkati mwenimweni pafupi ndi chotupa, mdzukulu wa timachubu ta Henrietta tija. Kumapeto kwa sabata yachitatu anandiimbira pa WhatsApp usiku.

"Mwanangu, magazi aja anasiya. Msana uja wasiyanso. Pano chikundidwalitsa ndi makinawa. M'mimba mukungotsegula, pokodza pakuwawa, nsima sikulowa. Ndikukhaliranji kuno?"

"Mayi, mwatsala ndi masiku khumi okha."

"Khumi okha? Iwe ukudziwa kuti amalume ako agulitsa mbuzi zingati? Kumunda kwangokhala. Ngati akufuna kuwotcha, bwanji osangowotcha kamodzi n'kuthana nazo?"

Funso limeneli si la umbuli. Madokotala oyambirira ambiri, makamaka ku Germany, ankaganiza chimodzimodzi ndipo ankaperekadi mlingo waukulu kamodzi. Amene anasintha zinthu ndi Claudius Regaud wa ku Paris m'zaka za m'ma 1920, ndipo anachita izi ndi nkhosa zamphongo. Ankafuna kuzifula ndi ma X-ray, poganiza kuti maselo opanga mbewu, omwe amagawikana mosalekeza, amafanana ndi chotupa. Akapereka mlingo wonse kamodzi, khungu linkawonongeka koopsa nkhosa isanafulike. Akaugawa m'masiku angapo, nkhosa inkafulika khungu lili bwino. Mnzake Henri Coutard anatengera njirayi kwa odwala khansa ya pakhosi, ndipo inagwira. Onani kuti samu ija inali isanabadwe. Nkhosa zinatsogola, masamu anabwera pambuyo kudzafotokoza.

Kufotokoza kwake ndi uku. Maselo onse sali ndi α ndi β zofanana. Zotupa zambiri, pamodzi ndi khungu ndi m'matumbo, zimadalira kwambiri α. Mukagawa α ndi β mumapeza nambala ya pafupifupi 10. Ziwalo zimene zimavulala mochedwa, monga mitsempha, impso ndi makoma a chikhodzodzo ndi thumbo, zimapereka nambala ya pafupifupi 3, kutanthauza kuti β ili ndi mphamvu kwambiri pa izo. Mnzanga anandipatsa manambala ongoyerekezera kuti ndione ndekha. Tengani chotupa cha α ya 0.3 ndi β ya 0.03. Magray 8 operekedwa kamodzi amasiya maselo 13 pa 1,000 aliwonse. Magray 8 omwewo ogawidwa kanayi amasiya 56. Tsopano tengani chiwalo chabwino cha α ya 0.15 ndi β ya 0.05. Kamodzi, otsala ndi 12. Kanayi, otsala ndi 135. Kugawa kwapulumutsa chotupa kanayi, koma kwapulumutsa chiwalo chabwino ka 11. Kampata kameneka mukakabwereza tsiku ndi tsiku kamakula, ndipo ndi momwe dokotala amadutsamo kuti aphe chotupa n'kusiya mwini chotupa.

Izi sindinawauze mayi aang'ono, ndikanangowaonjezera mutu. Ndinawauza za anankafumbwe. Chotupa chachikulu ngati nsawawa yaikulu chimakhala ndi maselo pafupifupi biliyoni imodzi. Tiyerekeze kuti tsiku lililonse makina akupha theka la amene awapeza. Pakatha masiku 10 otsala ndi pafupifupi miliyoni imodzi. Pakatha masiku 15 ndi 30,000. Pofika apa pafupifupi onse apita, magazi asiya, ululu watha, munthu akuona kuti wachira. Koma thumba la chimanga lomwe mwatsala anankafumbwe 30,000 mayi aliyense akudziwa chimene adzapezemo pofika Disembala. Ngakhale pa tsiku la 25 samu yomweyi ikusiya maselo 30, n'chifukwa chake pali drip ija ndi chithandizo cha mkati chija. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti amene akundivutitsa pano ndi otsala ochepawo." Ndinati eya. Anatsiriza masiku onse. Amalume anagulitsa mbuzi zina ziwiri, ndipo mpaka lero amandikumbutsa.

Samu ya anankafumbweyi ili ndi mbali yoopsa imene sindinawatchulire. Sinthani pang'ono chabe, muti tsiku lililonse akupulumuka 6 pa 10 m'malo mwa 5. Pa tsiku la 25 otsala si 30 ayi, ndi pafupifupi 2,800. Kusiyana komwe simungakuone pa tsiku limodzi kumasanduka phiri mukakubwereza ka 25. Ndipo pali zinthu zenizeni zimene zimakankha nambalayo. Chimodzi ndi okosijeni. Louis Harold Gray, mwini dzina la muyeso uja, ndi anzake anasonyeza m'zaka za m'ma 1950 kuti selo losowa okosijeni limafuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti life, chifukwa okosijeni ndi amene amakhomerera bala lija kuti lisapole. Chotupa chachikulu chimakhala ndi zigawo zimene magazi safikako bwino. Tsono ganizirani mayi wa kwathu amene wafika kuchipatala chotupa chitakula, atataya magazi miyezi isanu ndi umodzi akumuuza kuti ndi zakumsika kapena zolodzedwa.

China ndi nthawi. Samu ija mmene ndailembera ilibe kalendala, koma chotupa chili nayo. Maselo otsala sadikira, amaswana usiku, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo pakatha masabata angapo a chithandizo zotupa zina zimayamba kuswana mofulumira kuposa kale. Pa khansa ya khomo la chiberekero madokotala amayesetsa kuti zonse zithe pasanathe masabata 8, ndipo kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti tsiku lililonse lopitirira limachotsa mwayi wogonjetsa chotupacho ndi pafupifupi 1 pa 100. Ku London nambala imeneyi imawakumbutsa za masiku a tchuthi. Kwa ife ikukamba za kuthima kwa magetsi, za kachipangizo ka makina kodikira ndege, za wodwala amene wapita kumaliro a apongozi n'kusowa thiransipoti yobwerera. Tsopano popeza makina ayamba kugwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ine funso langa kwa aliyense wodzapempha voti silikhala loti mwagula makina angati. Ndidzafunsa kuti pa odwala 100 amene anayamba, ndi angati anatsiriza masabata 8 asanakwane.

Sindikufuna mumve ngati ndatembenuka mtima n'kuyamba kupembedza samu. Mbiri ya nkhaniyi ili ndi anthu amene anavulazidwa ndi fomula yooneka bwino. Mu 1969 Frank Ellis wa ku Oxford anafalitsa njira yowerengera yotchedwa Nominal Standard Dose, yomwe inkalola dokotala kusintha chiwerengero cha masiku ndi kukula kwa mlingo n'kukhulupirira kuti zotsatira zikhala zomwezo. Inali yosavuta, ndipo zipatala zodzaza ndi odwala zinaikonda chifukwa inkaoneka kuti ikuloleza masiku ochepa a milingo ikuluikulu. Koma inamangidwa makamaka pa zimene zimaoneka pakhungu m'masabata oyambirira. Inkachepetsa kuvulala kwa ziwalo zochedwa zija. Amayi ena amene anathandizidwa khansa ya m'mawere ku Britain ndi ku Scandinavia m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anachira khansayo, koma patapita zaka mkono unayamba kuchita dzanzi, kuwawa, ena mpaka kufa ziwalo. Milingo ikuluikulu inali chimodzi mwa zifukwa zake, pamodzi ndi kagonekedwe ka wodwala pamakina. Ku Britain amayiwo anachita kupanga gulu lawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti amvedwe. Fomula inkati zonse zili bwino. Amene anadziwa kuti sizili bwino ndi mayi amene ankalephera kumanga mabatani a bulauzi yake.

Linear-quadratic inalowa m'malo chifukwa inkasiyanitsa ziwalo zofulumira ndi zochedwa, koma nayonso ili ndi malire ake. Pa milingo ikuluikulu kwambiri yoperekedwa kamodzi akatswiri amatsutsanabe ngati imanena zoona. Imaganiza kuti selo lililonse limafa palokha, chonsecho mu 1992 Hatsumi Nagasawa ndi John Little anapeza kuti maselo amene cheza sichinawakhudze amawonongekanso ngati oyandikana nawo awombedwa, ngati kuti amauzana. Simutchulidwa chitetezo cha m'thupi, nkhani yaikulu kwa ife popeza amayi ambiri odwala khansa imeneyi kuno alinso ndi HIV. Ndipo imangowerenga akufa. Selo limene lapulumuka koma lili ndi chilema m'DNA, lomwe lingadzayambitse khansa ina patapita zaka 20, samu iyi imaliika m'gulu la opulumuka n'kupitirira. Za maselo oterewa zambiri zimene dziko limadziwa zinachokera kwa anthu pafupifupi 120,000 a ku Hiroshima ndi Nagasaki amene akhala akutsatiridwa kuyambira mu 1950. Nawonso sanasankhe kukhala kafukufuku.

Komabe samu yomweyi ndi imene yatsegula khomo lomwe ndikuona kuti likutikhudza kuposa amene analitsegula. Ngati chifukwa chogawira masiku ambiri ndi chakuti nambala ya chotupa ndi 10 pomwe ya chiwalo chabwino ndi 3, ndiye kuti chotupa chimene nambala yake ili pafupi ndi 3 sichipindulitsa wodwala akachigawira masiku ambirimbiri. Ofufuza anapeza kuti khansa ya m'mawere ndi ya prostate zili choncho. Ulendo uno sanangokhulupirira pepala ngati nthawi ya Ellis. Anayesa pa odwala masauzande n'kuwatsatira zaka zambiri. Kafukufuku wa START ku Britain anasonyeza kuti pa khansa ya m'mawere magray 40 m'masiku 15 amagwira ntchito mofanana ndi magray 50 m'masiku 25. Mu 2020 kafukufuku wa FAST-Forward anatsitsanso kufika pa magray 26 m'masiku 5, sabata imodzi yokha. Pa prostate, kafukufuku wa CHHiP mu 2016 anachoka pa masiku 37 kufika pa 20. Funso la mayi aang'ono lija, ngakhale silinayankhidwe ndi "kamodzi", pa khansa zina layankhidwa ndi "kasanu".

Werengani nokha tanthauzo lake m'dziko la makina owerengeka. Malo amodzi pamakina omwe ankathandiza mayi mmodzi m'masabata asanu angathandize amayi asanu. Lendi ya mwezi ndi theka yasanduka ya sabata imodzi. Koma pali mbedza yake. Milingo ikuluikulu sikhululuka: mukaphonya pang'ono tsiku limodzi mwa asanu, mwaphonya gawo limodzi mwa asanu la chithandizo chonse, ndipo β ija ikudikira pa mtima ndi m'mapapo. Zimafunika makina olondola, sikani yabwino, ndi akatswiri a fizikisi ya zachipatala oyeza makinawo m'mawa uliwonse. Anzathu a BSc amene mukudandaula kuti fizikisi ilibe ntchito kupatula choko ndi bolodi, ntchito ndi imeneyo.

Mbedza ina ndi yakuti kafukufuku wamkulu wotere anachitika pa khansa zimene zimavutitsa mayiko olemera. Khansa ya khomo la chiberekero kumeneko inachepa kalekale chifukwa choyeza amayi msanga, ndipo katemera wa HPV, yemwe kuno anayamba kuperekedwa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, akuichepetsanso. Choncho pa khansa imene imapha amayi athu ambiri, njira yodalirika ikadali ya masabata asanu ndi chithandizo cha mkati. Nambala yake imatengedwa kuti ndi 10, ndiye samu siilonjeza njira yachidule yosavuta ngati ya m'mawere. Ngati ilipo, idzapezeka poyesa mosamala pa odwala enieni, ndipo odwala ochuluka oti ayankhe funsoli ali ku Zomba, ku Chipata ndi ku Tete, osati ku Manchester. Ndingakonde kuti kafukufuku ameneyo achitike kuno, atsogoleredwe ndi anthu a kuno, ndipo mayi aliyense wolowamo afotokozeredwe m'chinenero chake chimene akuvomera, asanasaine kapena kudinda chala. Henrietta Lacks anasaina pepala lololeza opaleshoni. Za maselo ake munalibemo.

Mayi aang'ono amapita kukayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo mpaka pano chotupa sichinaonekenso. Kutsegula m'mimba kwa nthawi ija kunatha patangopita masabata ochepa atabwerako, monga zimachitira ziwalo za nambala 10. Mwezi wathawu anandiuza kuti masiku ano sachedwa kufuna kukataya madzi, moti ku tchalitchi amakhala mpando wa kufupi ndi chitseko. Adokotala awauza kuti n'kutheka ndi chikhodzodzo chimene chikuyankha mochedwa, ndipo awapatsa tsiku loti akachione.